Mtsutso: Kodi Chadiza Iike Ndalama Zake pa Kuchotsa Klorini m'Mapulasitiki Ofewa?

Mutu wa mtsutso

"Khonsolo ya Chadiza ipatule gawo la ndalama zachitukuko kuti ikhazikitse malo ochotserapo klorini m'mapulasitiki ofewa pogwiritsa ntchito mankhwala, zinyalala zotere zisanatayidwe kapena kusandutsidwa chinthu china."

Chiyambi cha nkhani

Anthu ambiri a ku Chadiza akamva za klorini amaganiza za mankhwala othira m'madzi akumwa, makamaka chibukireni kolera m'boma loyandikana nalo la Vubwi kumayambiriro kwa 2023. Koma klorini alinso m'katundu amene timagwira tsiku ndi tsiku. Pali mtundu wa pulasitiki wotchedwa polyvinyl chloride, mwachidule PVC, umene umapangidwa kuchokera ku mchere ndi mafuta a pansi pa nthaka. Pa makilogalamu 100 a PVC wosasakaniza ndi kanthu, makilogalamu pafupifupi 57 ndi klorini. Akakhala wouma, PVC ndiye amapangira mapaipi a madzi ndi a zimbudzi. Akathiridwa mankhwala ofewetsa, amapangira majombo a kumunda, nsapato za pulasitiki, mapaipi ofewa othirira kudimba, chikutiro cha mawaya a magetsi, matenti olemera ofunditsa malole, makapeti a pulasitiki, nsalu zotsatsira malonda, machubu a diripi ndi matumba osungira magazi kuchipatala. Chizindikiro chake, pamene chalembedwa, ndi nambala 3 m'kati mwa timivi titatu.

Tisasokoneze. Timatumba ta pulasitiki tonyamulira tomato ndi kapenta pamsika si PVC, ndipo mulibe klorini. Mabotolo a zakumwa nawonso ndi mtundu wina. Nkhani yathu ikukhudza gawo lochepa la zinyalala za pulasitiki, koma gawo lovuta kuposa ena onse likafika pamoto. Akatswiri apeza njira zingapo zochotsera klorini m'pulasitiki ameneyu: kumuphika mu kositiki soda, kumupera pamodzi ndi laimu, kumutenthetsa pang'onopang'ono m'ng'anjo yotseka, kapena kugwiritsa ntchito magetsi. Funso lathu ndi lakuti, kodi dera lakumidzi ngati Chadiza, la alimi a chimanga, mtedza, soya ndi mpendadzuwa, liyenera kulowa m'ntchito imeneyi ndi ndalama zake?

Mbali yovomereza

1. Utsi wa PVC umavulaza anthu, ndipo kumidzi zinyalala zimathera pamoto. M'midzi ya mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume mulibe galimoto yotola zinyalala khomo ndi khomo. Chatha ntchito chimapita kudzala, ndipo dzala likadzaza amaliyatsa. PVC akangotentha kufika pa madigiri 200 mpaka 300 amayamba kutulutsa mpweya wa hydrogen chloride, umene ukakumana ndi chinyontho cha m'maso, m'mphuno ndi m'mapapo umasanduka asidi. Choopsa kwambiri ndi poizoni wotchedwa dioxin, amene amapangika zinthu za klorini zikamanyeka pamoto wofooka, wofuka utsi. Mu 1997 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika mtundu woopsa kwambiri wa dioxin m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Poizoniyu sawola msanga. Amagwera m'phulusa ndi m'dothi, nkhuku zimatola, ndipo amaunjikana m'mafuta a nyama, m'mazira ndi mumkaka. World Health Organization imanena kuti magawo oposa 90 pa 100 a dioxin amene amalowa m'thupi la munthu amadzera m'chakudya. Ovomereza akuti ukachotsa klorini, wachotsa gwero la vutoli.

2. Katundu wa PVC akuchulukirachulukira. Mlimi amene kale ankathirira ndi ndowa tsopano ali ndi pampu ndi paipi yofewa. Nyumba zambiri zili ndi sola, ndipo sola iliyonse imabwera ndi mawaya okutidwa. Njinga zamoto zadzaza misewu ya ku Chipata, ku Katete ndi yolowera kumalire a Mozambique, ndipo zikutiro za mipando yake kawirikawiri zimakhala za pulasitiki wamtundu womwewu. Palinso amene amawotcha mawaya kuti apeze kopa wogulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Lawi lobiriwira limene limaoneka pamoto wotero ndi chizindikiro chakuti klorini wakumana ndi kopa, ndipo kopa amafulumizitsa kupangika kwa dioxin. Ovomereza akuti kudikira mpaka mulu utakula n'kudzipangira ntchito yaikulu ndi yodula m'tsogolo.

3. Klorini ndiye amatsekereza njira zina zopezera phindu m'zinyalala. Mapulasitiki akhoza kutenthedwa m'ng'anjo yopanda mpweya n'kutulutsa mafuta ofanana ndi dizilo. Koma mukangolowa PVC pang'ono, asidi amadya zitsulo za makina, ndipo mafutawo amakhala ndi klorini wochuluka moti mafakitale oyenga mafuta sawalandira. Mafakitale a simenti, monga a ku Chilanga ndi ku Ndola, ali ndi ng'anjo zotentha kwambiri zimene zingathe kudya zinyalala m'malo mwa malasha, koma klorini wochuluka amamatirira m'ng'anjomo n'kuitseka. Ngakhale osungunula mabotolo amataya katundu yense akapezamo zidutswa za PVC. Choncho amene wachotsa klorini watsegulira msika zinyalala zina zonse. Ku Japan, kampani ya zitsulo ya NKK, imene pambuyo pake inakhala mbali ya JFE, inayamba kuchotsa klorini m'mapulasitiki kuti chotsalacho chilowe m'ng'anjo zosungunulira chitsulo.

4. Luso lochotsera klorini lilipo, ndipo likupita patsogolo. Pa yunivesite ya Tohoku ku Japan, gulu la Pulofesa Toshiaki Yoshioka linaonetsa kuti PVC akaphikidwa mu kositiki soda wosungunulidwa mu ethylene glycol pa madigiri pafupifupi 190, klorini woposa magawo 90 pa 100 amachoka n'kusanduka mchere. Mu 2022, akatswiri a pa yunivesite ya Michigan ku United States, Danielle Fagnani ndi Anne McNeil pamodzi ndi anzawo, anafalitsa njira yogwiritsa ntchito magetsi popanda moto waukulu. Chochititsa chidwi n'chakuti mankhwala ofewetsa omwe ali kale m'pulasitikiyo ndiwo amathandiza kumasula klorini, ndipo kloriniyo amagwiritsidwanso ntchito popanga mankhwala ena. Kositiki soda si chinthu chachilendo kwa amayi opanga sopo m'magulu, ndipo laimu amakumbidwa m'Zambia momwemo. Ovomereza akufunsa kuti, n'chifukwa chiyani ana a kumidzi azikhala omalizira kuphunzira luso lililonse latsopano?

5. Malamulo ndi ndalama zikuloza kumakhonsolo. Lamulo loyendetsera zinyalala la nambala 20 la 2018 linapereka udindo wosamalira zinyalala kwa makhonsolo. Zambia ili m'pangano la Stockholm la 2001, limene limafuna kuti maiko achepetse dioxin wotuluka powotcha zinthu. Thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe m'zaka zotsatira. Kwa nthawi yoyamba khonsolo ili ndi udindo komanso kangachepe m'thumba. Ntchito yotola, kusankha ndi kuduladula mapulasitiki ingapatsenso achinyamata ndi amayi kopezera ndalama m'miyezi imene kumunda kulibe chochita.

Mbali yotsutsa

1. Katundu wa PVC ndi wochepa, ndipo ndi womwazikana. Fakitale ya mankhwala imafuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku, matani ndi matani, apo ayi imadya ndalama chabe. Banja la ku Chadiza silitaya jombo chifukwa yang'ambika: limaimata, ndipo ikatheratu amadula zigamba zomatira zina. Paipi yobooka imamangidwa ndi mphira n'kugwirabe ntchito nyengo zingapo. Zochuluka padzala ndi timatumba, mabotolo ndi masaka a feteleza, zimene mulibe klorini. Kuti mupeze tani imodzi ya PVC wofewa muyenera kuyendayenda midzi yambiri pamisewu yafumbi imene imavuta nthawi ya dzinja. Mafuta a galimoto angapose mtengo wa chimene mwatola.

2. Kumene kuli katundu wambiri ndi ndalama zambiri, ntchito zotere zagwapo. Ku Stigsnæs m'dziko la Denmark kunamangidwa fakitale yochotsa klorini mu PVC pogwiritsa ntchito kositiki soda chapakati pa zaka za m'ma 2000, koma inatsekedwa pasanapite nthawi yaitali. Ku Ferrara m'dziko la Italy, fakitale ya Vinyloop, imene inkasungunula PVC wofewa kuti agwiritsidwenso ntchito, inatsegulidwa mu 2002 n'kutsekedwa mu 2018, chifukwa sinathe kupatula mankhwala akale ofewetsa amene malamulo a ku Ulaya anali atawaletsa. Njira ya ku Michigan nayonso inaonetsedwa m'chipinda chofufuzira, pa katundu wochepa. Kuchoka pamenepo kufika pa makina oti khonsolo igule n'kuika pa boma, mtunda udakalipo. Otsutsa akuti ndalama za anthu osauka si zoyesera zinthu zimene olemera omwe sanazikhazikitse.

3. Klorini sazimiririka, amangosamuka. Tiwerengere pamodzi. PVC wofewa, chifukwa cha zosakaniza zake, amakhala ndi klorini wokwana mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Ndiye kuti m'tani imodzi muli makilogalamu pafupifupi 330. Kuti agwidwe onse pamafunika kositiki soda wosachepera makilogalamu 370, ndipo pamatuluka mchere woposa makilogalamu 540. Mchere umenewu si wothira m'ndiwo. Umatuluka uli m'madzi akuda, osakanikirana ndi mankhwala ofewetsa a mtundu wa phthalate, amene ena mwa iwo amasokoneza ubereki, komanso mtovu umene unkathiridwa mu PVC wakale, makamaka wa mawaya, kuti asawonongeke ndi kutentha. Zambia ikudziwa bwino za mtovu chifukwa cha ana a ku Kabwe, amene akuvutikabe ngakhale mgodi wa mtovu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994. Walira mvula walira matope: amene akufuna fakitale avomerenso madzi ake oipa. Kodi adzatayidwa kuti m'dera limene anthu amamwa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime, ndipo ng'ombe zimamwa mumtsinje wa Nsadzu?

4. Magetsi, akatswiri ndi zipangizo zili kutali. Njira zonsezi zimafuna kutentha kosasinthasintha kwa maola angapo, kapena magetsi osadukiza. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 29 February, ndipo m'miyezi yotsatira madera ambiri ankakhala opanda magetsi pafupifupi tsiku lonse. Magetsi akazima mphika wa soda wotentha uli pakati pa ntchito, ngozi ili pa ogwira ntchito. Kositiki soda wozizira yemwe amawotcha khungu ndi kuchititsa khungu maso. Nanga wotentha madigiri 190? Pamafunikanso chipinda choyezera kuti mudziwe ngati klorini wachokadi, ndi ngati madzi otayidwa ali bwino. Akatswiri ambiri a ntchito zotere ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo Lusaka ili pa mtunda woposa makilomita 500. Tonse taonapo zigayo ndi mapampu a chitukuko zitaima chifukwa cha kachitsulo kamodzi kosowa.

5. Ndalama yomweyo ili ndi eni ake ambiri. CDF ndiyo imamanga makalasi, kugula madesiki, kukumba mijigo, kumanga zipinda zochiriramo amayi oyembekezera, kulipirira ana sukulu zogonera komweko ndi maphunziro a ntchito zamanja, ndi kubwereketsa magulu a amayi ndi achinyamata. Khansala amene angauze anthu a m'dera lake kuti mlatho udikire chifukwa ndalama zapita ku makina a mapulasitiki ayenera kukhala ndi yankho lomveka. Palinso nkhani ya chilungamo. Malamulo a nambala 65 a 2018, amene analetsa timatumba topyapyala tosakwana ma micron 30, anakhazikitsa mfundo yakuti wopanga ndi woitanitsa katundu ali ndi udindo pa zinyalala zochokera m'katundu wakeyo. Ngati phindu la majombo ndi mawaya linapita kwa opanga ndi ogulitsa, n'chifukwa chiyani mtengo wowayeretsa ugwere mlimi wa ku Chadiza?

6. Pali njira zotsika mtengo zofikira cholinga chomwecho. PVC amene sanawotchedwe satulutsa dioxin. Waya akhoza kusendedwa ndi mpeni kapena kamakina kopukusa ndi manja, ndipo kopa wosapsa amagulidwa pa mtengo wabwino kuposa wakuda ndi mwaye. Majombo ndi mapaipi oyera akhoza kuduladulidwa, kusungunulidwa n'kuumbidwanso kukhala zidendene za nsapato kapena mphasa zopondapo, klorini ali momwemo osavulaza munthu. Zinyalala za kuchipatala zili ndi njira yakeyake: Zambia inali limodzi mwa maiko anayi, pamodzi ndi Ghana, Madagascar ndi Tanzania, amene anachita nawo ntchito ya bungwe la UNDP yobweretsa makina ophera tizilombo ndi nthunzi m'malo mowotcha zinyalala za m'zipatala.

Chigamulo

Mbali ziwirizi zikugwirizana pa mfundo yaikulu kuposa mmene zikuonekera. Palibe akukana kuti kuwotcha PVC padzala n'koopsa, ndipo palibe akukana kuti klorini angathe kuchotsedwa ndi mankhwala. Kusiyana kuli pa mafunso atatu: ntchitoyi ichitikire kuti, iyambe liti, ndipo alipire ndani.

Ovomereza apambana pa kufunika kwa nkhaniyi. Mfundo yawo ya utsi ndi ya chakudya ndi yolimba, ndipo otsutsa sanaigwetse. Kunena kuti PVC ndi wochepa sikutonthoza mayi amene khitchini yake ili pafupi ndi pamene anyamata amawotchera mawaya. Mfundo yawo yachitatu nayonso ndi yoona: Zambia ikafuna kupeza mafuta kapena mphamvu kuchokera m'zinyalala za pulasitiki, idzayenera kuthana ndi klorini, ifune isafune.

Koma otsutsa apambana pa mutu weniweni wa mtsutso, chifukwa mutuwo ukunena za khonsolo ya Chadiza ndi ndalama zake. Pa mfundo zawo zonse, yachitatu ndiyo yolemera kwambiri. Kumanga malo ochotsera klorini popanda njira yodalirika yosamalira madzi a mchere, mtovu ndi mankhwala ofewetsa n'kuchotsa poizoni mumpweya n'kumuika m'madzi. Mfundo ya kuchepa kwa katundu ndi ya magetsi zikungowonjezera pamenepo. Mfundo ya ovomereza yakuti soda ndi laimu n'zodziwika kale ndi yofooka, pakuti kupanga sopo m'beseni n'kosiyana kwambiri ndi kuyendetsa mphika wa mankhwala otentha. Komanso otsutsa asadzitame kwambiri ndi njira yosungunula n'kuumbanso, chifukwa mtovu ndi mankhwala akale zimatsalira m'katundu watsopanoyo, ndipo tsiku lina nayenso adzafika padzala. Njira imeneyi imachedwetsa vuto, siilithetsa.

Choncho mutuwu, monga waikidwira, ukugwa. Kuchotsa klorini ndi mankhwala ndi ntchito yoyenera fakitale imodzi yaikulu, yotumikira dziko lonse kapena zigawo zingapo, yomangidwa pafupi ndi mafakitale a simenti ndi a mankhwala amene angagule zotulukamo, yoyang'aniridwa ndi bungwe loona za chilengedwe la ZEMA, ndipo yolipiridwa ndi opanga ndi oitanitsa katundu wa PVC. Mwayi wotumiza zinyalalazi kunja nawonso ndi wochepa, popeza kuyambira pa 1 January 2021 pangano la Basel limafuna chilolezo cha dziko lolandira zinyalala za PVC zisanawoloke malire. Yankho liyenera kupezeka m'Zambia momwemo.

Kugwa kwa mutu sikukupatsa Chadiza ufulu wokhala manja lende. Pali zinthu zinayi zimene dera lingachite ndi ndalama zochepa. Choyamba, khonsolo, mafumu ndi aphunzitsi aphunzitse anthu kuzindikira katundu wa PVC ndi kusamuponya pamoto, kuphatikizapo kusayatsira mbaula ndi zidutswa za nsapato kapena za paipi. Chachiwiri, kuwotcha mawaya pofuna kopa kuletsedwe, ndipo magulu a achinyamata athandizidwe kupeza zida zosendera. Chachitatu, pa boma pakhale shedi yofolera bwino yosungiramo PVC wosankhidwa, ndipo aziyezedwa pa sikelo n'kulembedwa m'buku, kuti pakatha chaka kapena ziwiri pakhale chiwerengero chenicheni chokambirapo ndi makhonsolo a Katete, Vubwi ndi Chipata. Chachinayi, phungu ndi makhansala akakamize boma kuti udindo wa opanga katundu usathere pa timatumba ndi mabotolo, koma ufikenso pa mawaya, mapaipi ndi majombo.

Fakitale ina iliyonse imene idzamangidwe m'tsogolo, kaya ku Lusaka kaya ku Ndola, idzafuna PVC wosankhidwa kale, wouma ndi wosapsa. Gawo limenelo ndilo la Chadiza, ndipo silifuna mankhwala kapena magetsi. Makhansala, mafumu ndi eni mabanja, yambani ndi kupatula PVC pa zinyalala zopita pamoto.